College Scorecard: tsamba la boma la America limene linatithandiza kusankha koleji ya mwana

Makolo anzanga amene muli ndi ana oti amaliza sekondale posachedwa kuno ku America, musanayankhe kalata ya koleji iliyonse, yambani mwatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa College Scorecard. Eni ake ndi unduna wa zamaphunziro wa boma la America, ndipo ndi laulere. Silifuna kuti mulembetse dzina, silipempha nambala ya foni, kotero palibe amene adzakuimbireni mawa lake n'kumakunyengererani. Ine ndinaligwiritsa ntchito nyengo yonse imene chisamba changa chinkasaka sukulu, ndipo ndikuliyamikira ndi mtima wonse. Komabe pali manambala ena pamenepo amene angakusokeretseni mukawawerenga mwaphuma, ndiye ndinena ubwino wake komanso malo oyenera kupondapo mosamala.

Ife timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu. Ine ndimasamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo bambo akunyumba amagwira ntchito pa fakitale ina ku Elkhart. Mwana wathu ndi wamkazi, ali ndi green card, ndipo mtima wake wakhala pa unamwino kuyambira ali wamng'ono. Ifeyo tinakulira kumene koleji ndiyo imasankha mwana. Umalemba MSCE, umawerengera mapointi ako, kenako n'kumadikira kuti dzina lituluke, kaya ku Chancellor College, ku Poly, ku Bunda kapena ku Kamuzu College of Nursing. Likatuluka, mudzi wonse unkavina, ndipo palibe ankafunsa kuti sukuluyo ndi yabwino bwanji. Kuno zinthu n'zotembenuka. Makoleji alipo masauzande, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene amathamangitsa mwana. Mwana akangolemba mayeso olowera kukoleji a SAT, bokosi la makalata limayamba kudzaza ndi timabuku tonyezimira, ana akuseka pa kapinga, nyumba za njerwa zofiira, mitengo ili mbuu kuyoyola masamba. Kholo lochokera kwathu limaona ngati ulemu waukulu kuti koleji yalembera mwana wake kalata. Pamenepo mpamene pamafunika munthu wokuuza zoona amene sakukugulitsa kanthu.

Tsambali, mmene lilili panopa, linatsegulidwa mu 2015 mu ulamuliro wa Barack Obama. Poyamba boma linkafuna kupereka magiredi kwa makoleji, koma eni makoleji anakana kwamtuwagalu, ndiye boma linangoti tiika manambala poyera, anthu aziweruza okha. Inali nthawi yomwenso masukulu ochita malonda ankagwa. Corinthian Colleges inatseka mu 2015, ndipo ITT Tech, yomwe likulu lake linali konkuno ku Carmel, Indiana, inatseka mu 2016, n'kusiya ophunzira masauzande ali manja m'khosi, ngongole ili pamutu, digiri palibe. Manambala a pa tsambali amachokera mbali zitatu: zimene makoleji amakakamizidwa kuuza boma chaka ndi chaka, mabuku a ngongole za ophunzira, ndi mabuku a msonkho. Mbali yachitatuyi ndi imene inandigwira mtima. Malipiro amene mukuwaona si oti koleji inafunsa ana ake khumi ochita bwino n'kulemba zimene anayankha. Ndi ochokera ku zimene anthu analembetsa ku msonkho.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Mumalemba dzina la sukulu, kapena dera ndi maphunziro amene mwana akufuna, ndipo pa sukulu iliyonse pamwamba pamabwera manambala atatu: ndi angati amamaliza, mtengo wa pachaka, ndi malipiro a omwe anaphunzirapo. M'munsi muli zigawo zotsegula chimodzichimodzi, za ngongole, za mayeso ndi kalandiridwe, za mtundu wa ophunzira. Mukhozanso kusankha masukulu angapo n'kuwaika pambalipambali. Pa foni zimatheka, ndinkachita zimenezi pa nthawi yopuma kuntchito, koma poyerekeza masukulu ndi bwino kukhala pa kompyuta chifukwa pa foni manambala amapanikizana. Amene mulibe kompyuta pakhomo, ku laibulale ya boma zilipo zaulere.

Tiyambe ndi mtengo, chifukwa apa mpamene tsambali linatitsegula maso kwambiri. Aliyense wokhala ku South Bend amalidziwa denga lagolide la University of Notre Dame. Bambo akunyumba akamadutsa chapafupi ankakonda kunena kuti mwana wawo adzalowa pamenepo, ine n'kumati, abambo, sukulu yoposa madola 80,000 pachaka tingaifike ife? Titatsegula tsambali tinapeza kuti tonse awiri tinkaganiza molakwika pa zifukwa zosiyana. Nambala imene College Scorecard imaonetsa si mtengo wolembedwa pakhomo. Amaphatikiza fizi, mabuku, malo ogona ndi chakudya, kenako amachotsa thandizo lonse losabweza, n'kuonetsa zotsala, zimene banja limalipiradi. Koposa apo amagawa mabanja m'magulu asanu malinga ndi zimene amapeza pachaka: osapitirira madola 30,000, kuchoka apo kufika 48,000, kufika 75,000, kufika 110,000, ndi opitirira pamenepo. Mukayang'ana mzere wa mabanja opeza zochepa pa masukulu olemera ngati Notre Dame, mtengo umatsika modabwitsa, nthawi zina mpaka kufanana ndi wa sukulu ya boma. Mu 2024 Notre Dame inalengezanso kuti isiya kuika ngongole mu thandizo limene imapereka kwa ophunzira ake. Ndiye ine amene ndinkaopa mtengo ndinaphunzirapo kanthu. Koma abambo nawo, titatsegula mndandanda wa maphunziro a pasukulupo, tinapeza kuti unamwino palibe. Notre Dame siphunzitsa anamwino. Amene amaphunzitsa ndi Saint Mary's College, sukulu ya atsikana ili tsidya la msewu. Nkhani ya zaka zambiri m'nyumba mwathu inathera pomwepo madzulo amodzi.

Mtengo wolembedwa wa makoleji ambiri omwe si a boma uli ngati mtengo woyamba umene wogulitsa kaunjika amatchula: mwini wake akudziwa kale kuti ndi ochepa amene alipire umenewo. Makoleji oterewa, mukawaphatikiza onse, amachotsera ana a chaka choyamba kuposa theka la fizi. N'chifukwa chake kalata yonena kuti mwana wanu wapatsidwa sikolashipu ya madola 20,000 siyenera kukuvinitsani msanga. Mwina pafupifupi mwana aliyense amene anamulandira anapatsidwa yofanana nayo.

Ife kalata yotere inatipeza. Inachokera ku koleji ina ya m'chigawo choyandikana nafe, imene sinditchula dzina, yomwe inkaimbira mwanayu foni pafupipafupi, kumutumizira malaya ndi zomata pagalimoto. Ndikuchokera kuntchito m'mawa ndinamupeza atakhala patebulo, nkhope ikuwala. Anati, "Amayi, taonani, akuti tingotsala ndi zochepa zokha!" Pansi pa kalatayo panalidi kanambala kakang'ono. Ndinavula nsapato, n'kutenga cholembera chofiira, tinayamba kutsika mzere ndi mzere. Woyamba unali sikolashipu yeniyeni. Wachiwiri unali ngongole ya boma ya mwana. Wachitatu unali ndalama zoti adzazipeze pogwira ntchito pasukulupo, zomwe sakupatsa m'manja, umachita kuzikhetsera thukuta ola ndi ola. Wachinayi, waukulu kuposa yonse, unali Parent PLUS, ngongole ya ife makolo. Zonsezi anaziika mumzere umodzi pansi pa mutu woti thandizo. Titachotsa zonse zobweza, n'kutsegula College Scorecard pa mzere wa gulu lathu, nambala ya pa tsambali inali pafupi kwambiri ndi imene cholembera chofiira chinapeza, kutalitali ndi kanambala ka pansi pa kalata. Mwanayu analira, ndipo ine zinandiwawa kumuona choncho, koma ndinayamika kuti panali malo ena oti ndimuonetse, asaganize kuti amayi ake akungomumana.

Tsono chenjezo loyamba. Nambala ya mtengoyo ndi ya pakatikati, ya ana amene analandira thandizo la boma la America, ndipo pa masukulu a boma ndi ya ana a m'chigawo chomwecho. Imakhalanso yotsalira ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Si nambala yanu. Purdue University, mwachitsanzo, inaimitsa fizi ya ana a ku Indiana pa madola 9,992 kuchokera mu 2013, koma mwana wochokera kunja kwa chigawochi amalipira kuposa madola 28,000. Ndiye amene muli ku Texas kapena ku Washington musaone nambala ya Purdue n'kuganiza kuti ndi yanu. Lamulo limakakamiza koleji iliyonse kukhala ndi malo pa tsamba lake owerengetsera mtengo wa banja lanulanu, otchedwa net price calculator. Yambani ndi College Scorecard kuti musefe masukulu, kenako pitani kumeneko ndi mapepala anu a msonkho m'manja.

Palinso chinthu china chimene magulu asanu aja sachidziwa, ndipo ndi chathu ife obwera. Fomu yofunsira thandizo la boma yotchedwa FAFSA imafunsa zimene mumapeza, koma sifunsa za fizi ya ana a achimwene ku Kasungu, za feteleza wa amayi mwezi wa Novembala, za maliro amene foni yake imalira pakati pa usiku. Pa pepala banja lathu limaoneka lopeza bwino kuposa mmene thumba lathu lilili. Choncho mukaona mtengo wa gulu lanu, dzifunseni moona mtima ngati ndalama imeneyo mungaitulutse zaka zinayi zotsatizana, osasiya kuthandiza kumudzi.

Pa ngongole, tsambali limaonetsa zimene wophunzira wapakati amatuluka nazo akamaliza, ndiponso zimene azibweza pamwezi. Wapakati ndiye kuti mukandandalika onse kuyambira wa ngongole yochepa mpaka wa yochuluka, mukutenga amene waima pakati pa mzere. Nambala ya pamweziyi ndi yothandiza kwambiri polankhula ndi mwana wa zaka 17, chifukwa madola 27,000 kwa iye ndi mawu chabe, koma mukamuuza kuti ndi madola oposa 300 mwezi uliwonse kwa zaka khumi, amayamba kuwerengera lendi ndi galimoto. Koma mudzaona chinthu chachilendo: masukulu ambiri, otchipa ndi odula omwe, ngongole yawo imaoneka yoyandikana, chapafupi ndi 27,000 yomweyo. Si kuti onse ndi ofanana ayi. Chifukwa chake n'chakuti boma lili ndi malire pa zimene limakongoza mwana wodalira makolo: madola 5,500 chaka choyamba, 6,500 chachiwiri, 7,500 chachitatu, 7,500 chachinayi. Zonse pamodzi 27,000. Sukulu ikakhala yodula kuposa apo, zotsalazo zimagwera kwina, kwa makolo kapena ku mabanki, ndipo nambala yoyamba ija sizionetsa.

Ngongole ya makolo ilipo pa tsambali, koma muyenera kuchita kuisankha pa kabokosi kake, siibwera yokha. Musadumphe pamenepo. Parent PLUS imakhala m'dzina lanu inu kholo, chiwongoladzanja chake chakhala chili pafupi ndi 9 peresenti zaka zaposachedwazi pamene cha mwana chili pa 6 ndi kanthu, ndipo amadulanso kaye kuposa 4 peresenti ndalamayo isanafike kusukulu. Pokukongozani sayang'ana ngati malipiro anu angakwanitse kubweza, amangoona ngati mbiri yanu ya ngongole ilibe banga. Madola 60,000 pa 9 peresenti kwa zaka khumi ndi pafupifupi madola 760 pamwezi. Lamulo la mu 2025 laika malire a madola 20,000 pachaka ndi 65,000 pa mwana mmodzi kwa okongola atsopano kuyambira Julayi 2026, komabe imeneyo ndi ndalama yoti munthu wa zaka makumi asanu, wonyamula odwala usiku, akhoza kufika nayo pa ukalamba asanaimalize. Ndipo ngongole za ophunzira kuno sizifafanizika wamba ngakhale munthu atalengezedwa kukhoti kuti wagwa. Ngongole za kumabanki ndiye pa tsambali palibiretu, chifukwa boma silizisunga m'mabuku ake. Dziko lino anthu oposa 40 miliyoni ali ndi ngongole za sukulu za boma, zonse pamodzi zoposa madola 1.6 thililiyoni, ndipo ena mwa iwo ndimagwira nawo ntchito shifiti imodzi.

Nambala imene ndinaiona mochedwa kufunika kwake, koma tsopano ndimayamba nayo, ndi ya omaliza. Amene ngongole imawapweteka kwambiri si madokotala okongola zambiri. Ndi mwana amene anakongola madola 10,000, n'kusiyira panjira chaka chachiwiri, n'kubwerera kukagwira ntchito yomwe akanaigwira ngakhale asanapite kukoleji. College Scorecard imaonetsa kuti patapita zaka zisanu ndi zitatu, mwa onse amene analowa, ndi angati anamaliza, angati anasamukira kusukulu ina, angati akadali pomwepo, ndi angati anangosiya. Imaonetsanso amene amabwerera chaka chachiwiri. Ndipo pali kabatani koti muone za ana olandira Pell Grant okha, thandizo la boma losabweza lopita kwa ana a mabanja opeza zochepa. Kabatani kameneka kadinani. Sukulu ikhoza kuoneka bwino pa onse, koma ana osauka n'kumagwa ambiri, ndipo mwana wanu akakhala woyamba m'banja kulowa koleji ya kuno, anzake enieni ndi amenewo. Komabe muwerenge mwachilungamo. Ivy Tech Community College imalandira aliyense womaliza sekondale, fizi yake siifika madola 6,000 pachaka, ndipo ophunzira ake ambiri ndi akuluakulu apantchito ophunzira pang'onopang'ono kapena ongofuna kuyambira pamenepo n'kusamuka. Nambala yake ya omaliza singafanane ndi ya sukulu imene imasankha ana okhoza okhaokha. Yerekezani masukulu a mtundu umodzi.

Za kuvuta kolowera sinditayapo nthawi yambiri, ngakhale ndi zimene ife Amalawi timakonda kukambirana pa zinkhoswe ndi kutchalitchi. Tsambali limaonetsa kuti mwa ofunsira malo ndi angati amatengedwa, ndi mapointi a SAT kapena ACT a omwe analowa. Harvard imatenga pafupifupi anayi pa 100 alionse, Notre Dame pafupifupi mmodzi pa khumi. Ntchito ya nambala imeneyi ndi imodzi yokha: kuthandiza mwana kudziwa kumene ali ndi mwayi, kuti asafunsire malo ovuta okhaokha. Siikuuzani kuti aphunzitsi ndi abwino. Akatswiri a zachuma Stacy Dale ndi Alan Krueger anafufuza ana amene anali oyenera masukulu ovuta kulowa koma anakaphunzira kwina, n'kupeza kuti ambiri malipiro awo sanasiyane kwenikweni ndi a anzawo. Koma anapezanso kuti kwa ana a mabanja osauka, ana akuda, ndi ana amene makolo awo sanapite patali ndi sukulu, sukulu yotchuka imathandizadi. Ndiye mwana wanu akakhala wakuthwa, musamuletse kuyesa masukulu akuluakulu, makamaka poti ndi omwewo amene ali ndi ndalama zothandizira. Chimene ndikukana ndi kukongola mpaka m'khosi chifukwa cha dzina lokha. Ndipo mindandanda ya m'magazini ija yoti iyi ndi nambala wani musaikhulupirire kwambiri. Mu 2022 mphunzitsi wa masamu wa pa Columbia University, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti manambala ena amene sukulu yake yomwe inkatumiza ku magazini ya U.S. News sanali olondola, ndipo Columbia inatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18.

Malipiro ndiye chigawo chimene anthu amathamangira, ndipo ndi pomwenso pamafunika mutu wozizira. Nambala ya pamwamba, ya sukulu yonse, ndi malipiro a munthu wapakati patapita zaka khumi chilowereni pasukulupo, kuphatikizapo amene sanamalize, koma okhawo amene analandira thandizo la boma. Imasakaniza mainjiniya ndi aphunzitsi ndi oimba. Sukulu yodzaza ndi mainjiniya idzaoneka pamwamba nthawi zonse, ngakhale mwana wanu akupita kukaphunzira zina. Siiganiziranso kuti wolandira ndalama zambiri ku Boston kapena ku San Francisco amalipira lendi yoti kuno ingakugulireni nyumba. Ine nambala imeneyi ndinkangoiyang'ana modutsa. Chuma chenicheni cha tsambali chili pansi, pa chigawo cha maphunziro amodziamodzi chimene anawonjezera mu 2019. Pamenepo mumasankha unamwino, digiri yoyamba, n'kuona malipiro ndi ngongole za amene anamaliza maphunziro amenewo pasukulu imeneyo. Titandandalika masukulu a unamwino a m'dera lathu, a boma ndi omwe si a boma, tinaona kuti malipiro a omaliza anali oyandikana kwambiri, pamene mtengo unali wotalikirana. Ine sizinandidabwitse, chifukwa kuntchito kwathu namwino amalipidwa malinga ndi layisensi yake, zaka zake pantchito ndi shifiti, palibe amafunsa kuti kapinga wa kusukulu kwake anali wokongola bwanji. Koma mwana kumva kwa amayi ake ndi kuona yekha pa tsamba la boma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Dziwani chabe kuti maphunziro amene omaliza ake ndi ochepa, manambala amawabisa poteteza chinsinsi cha anthu, ndiye pa masukulu ang'onoang'ono mudzapeza mipata yopanda kanthu.

Pali zinthu ziwiri zofunika kwa wofuna unamwino zimene pa tsambali palibe, ndipo muyenera kukazisaka kwina. Choyamba ndi kuchuluka kwa amene amakhoza mayeso a layisensi ya unamwino otchedwa NCLEX, omwe popanda iwo digiri siikupatsa ntchito. Zimenezi amasindikiza ndi bungwe loona za anamwino la chigawo chilichonse. Chachiwiri n'chakuti kulandiridwa pasukulu si kulandiridwa m'kalasi ya unamwino. M'masukulu ambiri mwana amayamba ndi maphunziro okonzekera, kenako n'kupikisana kachiwiri polimbirana malo owerengeka. Ngakhale ku Ivy Tech komwe khomo lalikulu ndi lotsegula kwa aliyense, khomo la unamwino lili ndi mayeso ake a TEAS ndi mpikisano wake. Ndi mmenenso zilili ndi uinjiniya ndi za makompyuta ku Purdue. Funsani sukulu mwachindunji kuti mwa ana oyamba maphunziro okonzekera, ndi angati amalowadi, ndipo otsalawo amapita kuti.

Tsopano kwa abale amene muli kumudzi. Achimwene anga a ku Lilongwe nditawauza za tsambali, anandiimbira mosangalala kuti apeza koleji ya madola ochepa chabe pachaka yoti mwana wawo abwere. Ndinati, achimwene, pepani, nambala imeneyo si ya mwana wathuyu. Wophunzira wobwera ndi visa ya F-1 salandira Pell Grant, salandira ngongole ya boma la America, ndipo pa sukulu ya boma amalipira mtengo wa alendo. Asanapatsidwe fomu ya I-20, imene sukulu imapereka kuti akafunsire visa, ayenera kuonetsa ndalama za chaka chonse choyamba, ndipo sukulu ikatsegulidwa amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, pasukulu pomwepo. Nkhani ya visa nayonso yalimba masiku ano. Komabe tsambali lili ndi ntchito ziwiri kwa inu. Likuthandizani kuona ngati sukulu imene wina akukulozerani, makamaka anthu olipiritsa aja, ndi yodziwika ndi boma ndipo ana ake amamaliza. Komanso likuthandizani kuzindikira masukulu olemera amene amathandizadi alendo, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, amene sayang'ana thumba polandira mwana ndipo amakwaniritsa chosowa chake, kapena Berea College ya ku Kentucky, imene silipiritsa fizi ndipo wophunzira aliyense amagwira ntchito pasukulupo. Malo ake ndi ochepa kwambiri, musanamizidwe. Uphungu waulere umapezeka ku EducationUSA, yomwe imayendetsedwa ndi ofesi ya kazembe wa America.

Ndikamagwiritsa ntchito tsambali ndimalakalaka kwathu kukanakhala chofanana nacho. Makoleji omwe si a boma achuluka ku Malawi, makolo akugulitsa ziweto ndi minda kulipira fizi, ndipo ana ambiri a madigiri akuyenda ndi maenvulopu m'tauni. Bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limasindikiza kale mndandanda wa masukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo kholo lililonse liyenera kuuona lisanalipire tambala. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, limene linayamba mu 2015, limadziwa amene anakongola ndi amene akubweza. MRA ili ndi mabuku a msonkho wa apantchito. Zitaphatikizidwa, kholo la ku Ntcheu likanatha kuona kuti mwa ana amene anaphunzira zakutizakuti ku UNIMA, ku MUBAS, ku LUANAR, ku Mzuni kapena ku koleji ya mpingo, ndi angati anamaliza ndipo ndi angati ali pantchito. Ndikudziwa kuti kwathu ambiri amadzilemba okha ntchito ndipo sapezeka m'mabuku a msonkho, ndiye chithunzi sichingakhale chathunthu. Koma ngakhale nambala ya omaliza yokha ikanathandiza mabanja ambiri.

Mwana wathu pomaliza anasankha Indiana University South Bend. Fizi yake kwa ana a m'chigawo chino ndi madola 8,000 ndi kanthu pachaka, amagona kunyumba, amadya nsima yathu, ndipo ngongole imene watenga ndi ya boma ya m'dzina lake yokha, yosafika pa malire. Ife sitinasaine Parent PLUS. Tinaona ndithu kuti chiwerengero cha omaliza pamenepo n'chotsika poyerekeza ndi cha Purdue, monga zimakhalira pa masukulu amene ana ambiri amayendera kuchokera kunyumba uku akugwiranso ntchito, ndipo tinakambirana zimenezi momasuka. Tinagwirizana kuti maola ake a ganyu akhale ochepa, ndipo ntchito zapakhomo asamachulukiridwe nazo ngati kuti poti ali pakhomo ndiye kuti ali pa tchuthi. Mlongo wake wamng'ono ali ku pulayimale, ndipo za iye ndayamba kale kufufuza za 21st Century Scholars, ndondomeko ya boma la Indiana imene imalipirira fizi ana a mabanja opeza zochepa, koma kulowa kwake n'kwa mu giredi 7 ndi 8, osati mwana atafika kale kumapeto. Amene muli ku Indiana kumbukiraninso kuti FAFSA iyenera kufika pasanadutse pa 15 Epulo kuti mwana aganiziridwe pa thandizo la chigawo. Wamkuluyu mpikisano wolowera m'kalasi ya unamwino ukadali kutsogolo kwake, ndipo udzatengera magiredi a anatomy ndi chemistry amene akulimbana nawo panopa.